Mawu Aja Aleka Koma Tulo Tachuluka: Zimene Mankhwala a Schizophrenia Amachita mu Ubongo

Mabanja ambiri amene akusamalira m'bale wodwala schizophrenia amadandaula kawiri. Dandaulo loyamba limabwera matenda akamayamba. Mnyamata amene ankakhoza bwino kusukulu wayamba kulankhula yekha, akuti akumva mawu a anthu omunyoza, usiku sakugona, ndipo nsima akuikana poganiza kuti wina wathiramo chiphe. Achibale amathamangira naye kuchipatala, amalandira mankhwala, ndipo pakapita masabata angapo mawu aja amachepa, mantha nawo n'kuzilala. Apa m'pamene pamabuka dandaulo lachiwiri: "Mankhwalawa atipusitsira mwana. Akungokhalira kugona, ukamufunsa kanthu akuchedwa kuyankha, ndipo akuyenda ngati wasenza thumba la chimanga." Mabanja ena akafika apa amabisa mapiritsi kapena kungosiya kukatenga ena, ndipo kawirikawiri matenda aja amabwereranso.

Ife amene timathandiza pa nkhani za umoyo m'mipingo timalimva kawirikawiri dandaulo lachiwirili, ndipo sitilitsutsa. Zimene makolowo akuona n'zoona. Mankhwalawa amasinthadi kagwiridwe ntchito ka ubongo, moti kusinthako kumaoneka ngakhale pa makina. Koma banja likadziwa chimene chikusintha ndi chimene sichikusintha, limatha kusiyanitsa vuto lofunika kulipirira, vuto lokauza adokotala pa tsiku lokaonana nawo, ndi vuto lofunika kuthamanga nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ubongo uli ndi kayimbidwe kake

Mu ubongo wa munthu wamkulu muli maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Maselowa amatumizirana mauthenga m'njira ziwiri. Uthenga umayenda m'kati mwa selo ngati kamphamvu kochepa ka magetsi, ndipo ukafika kumapeto, selolo limatulutsa makemikolo amene selo linzake limalandira. Maselo ambirimbiri akamagwira ntchito nthawi imodzi, magetsi awo amakwera ndi kutsika limodzi. Kukwera ndi kutsika kumeneku n'kumene madokotala amakutcha mafunde a ubongo.

Tayerekezani kuti mwaima kunja kwa tchalitchi zitseko zili zotseka. Simungamve mawu a munthu mmodzimmodzi, koma mutha kudziwa ngati mpingo ukuimba mogwirizana, ngati nyimboyo ndi yofulumira kapena yokoka, ndiponso ngati abambo a besi atsalira m'mbuyo. Umu ndi mmene makina otchedwa EEG amagwirira ntchito. Munthu woyamba kujambula mafunde a ubongo wa munthu anali Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa mumzinda wa Jena ku Germany. Iye anachita zimenezi mu 1924, n'kudzazilengeza mu 1929.

Masiku ano pojambula EEG amamata timawaya pafupifupi 20 pakhungu la mutu, munthu n'kukhala kapena kugona phee kwa mphindi 20 mpaka 40. Saboola paliponse ndipo sizipweteka. Makinawo sathira magetsi m'mutu ayi, amangomvetsera. Magetsi amene amafika pakhungupo ndi ochepetsetsa, moti batire limodzi la tochi limawaposa kuwirikiza masauzande ambiri.

Mafundewa amawagawa potengera liwiro lake. Oyenda pang'onopang'ono kwambiri, osakwana 4 pa sekondi, amatchedwa delta, ndipo amaoneka munthu akakhala m'tulo tofa nato. Mafunde a theta, 4 mpaka 8 pa sekondi, amachuluka munthu akamawodzera. A alpha, 8 mpaka 13, ndi a munthu amene ali maso koma watsinzina ndipo mtima uli m'malo. A beta, 13 mpaka 30, amabwera tikamawerengera ndalama kapena kumvetsera nkhani mwachidwi. Othamanga kuposa onse ndi a gamma, opitirira 30 pa sekondi, amene amathandiza ubongo kulumikiza zimene maso aona, zimene makutu amva ndi zimene tikukumbukira kuti zikhale chinthu chimodzi chomveka.

Kodi schizophrenia imasokoneza chiyani?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi schizophrenia, kapena kuti munthu mmodzi pa anthu 300 alionse. Dzina la matendawa analipereka mu 1908 ndi dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler. Nthawi zambiri amayamba munthu akamatha zaka za kusekondale kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amuna amawayamba msanga kusiyana ndi akazi. Amayenda m'magazi m'mabanja ena, ndipo kusuta chamba munthu akadali wamng'ono kumawonjezera mpata wodwala.

Zizindikiro zake zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi lija limachititsa mantha: kumva mawu a anthu amene palibe, kukhulupirira zinthu zosaona ngakhale wina afotokoze chotani, ndi kulankhula zosalumikizana. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zimachoka mwa munthu, monga chidwi pa ntchito, kucheza, kuseka ndi kudzisamalira. Gulu lachitatu ndi la kuganiza: kuiwala, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kuvutika kukonza zochita mwa dongosolo.

Ofufuza akajambula EEG ya odwala ambiri n'kuyerekeza ndi ya anthu ena, amapeza kusiyana kumene kumagwirizana ndi zizindikirozi. Wodwala akakhala phee ali maso, mafunde oyenda pang'onopang'ono aja amakhala ochulukirapo, pamene a alpha amakhala ochepa. Mu 1999, ofufuza a ku Harvard ku America anamveretsa anthu kaphokoso kogogoda ka 40 pa sekondi. Ubongo wa munthu wabwinobwino umatsatira kugogodako, n'kuyamba kutulutsa mafunde 40 pa sekondi, monga mmene kwaya imatsatirira dzanja la woimbitsa. Ubongo wa odwala schizophrenia unkatsatira mofooka.

Palinso kuyeza kwina. Munthu akamamva liwu limodzimodzi mobwerezabwereza, kenako n'kubwera lina losiyana pang'ono, ubongo wake umadzidzimuka sekondi isanathe n'komwe, ngakhale iye asakumvetsera. Mwa odwala schizophrenia ambiri kudzidzimuka kumeneku kumakhala kochepa. Komanso tonsefe tikamalankhula, ubongo umadziwiratu kuti mawu akubwerawo ndi athu, ndipo mbali yomva imachepetsa chidwi chake pa iwo. Dr. Judith Ford ndi anzake ku California anaonetsa kuti mwa odwalawa kuchepetsa kumeneku sikuchitika mokwanira. Akatswiri ambiri akuona kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene maganizo a munthu mwini amamvekera ngati mawu a mlendo. Choncho wodwala akanena kuti akumva mawu, sakunama ndipo sakuchita dala. Kwa iye mawuwo akumveka ndithu.

Ngakhale m'tulo kusiyana kulipo. Munthu akangogona, ubongo wake umatulutsa timafunde tachangu, pafupifupi 12 mpaka 15 pa sekondi, timene timabwera kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kusiya, kenako n'kubweranso. Timafundeti timathandiza kusunga zimene munthu waphunzira masana. Mu 2007 ofufuza a pa yunivesite ya Wisconsin anapeza kuti mwa odwala schizophrenia timakhala tochepa kwambiri.

Tisasokoneze apa. Kusiyana konseku kumaoneka poyerekeza magulu a anthu ambiri, koma EEG ya munthu mmodzi singanene kuti uyu ali ndi schizophrenia kapena ayi. Adokotala amawadziwa matendawa pocheza ndi wodwala ndi achibale ake. Akapempha EEG, nthawi zambiri amafuna kuona ngati vuto si khunyu kapena matenda ena a mu ubongo. Kuno kwathu makinawa akhala akugwiritsidwa ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre poyeza ana odwala malungo a mu ubongo. Ngati m'bale wanu sanajambulidwe EEG, sizikutanthauza kuti wathandizidwa moperewera.

Mmene mankhwala amagwirira ntchito

Chisanafike chaka cha 1950 kunalibe mankhwala enieni a matendawa, ndipo odwala ambiri ankangotsekeredwa m'zipatala moyo wawo wonse. M'chaka chimenecho ku France anapanga chlorpromazine, ndipo mu 1952 madokotala awiri, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anayamba kuwapereka kwa odwala pa chipatala cha Sainte-Anne ku Paris. Mu 1958 Paul Janssen ku Belgium anapanga haloperidol. Mankhwala awiriwa, pamodzi ndi jakisoni wa fluphenazine amene amakhalitsa m'thupi masabata angapo, ndiponso risperidone amene anabwera pambuyo pake, ndi amene odwala ambiri m'dziko muno amalandira. Onse pamodzi madokotala amawatcha ma antipsychotic.

Poyamba madokotala ankangoona kuti akuthandiza, osadziwa chifukwa chake. Mu 1963 Arvid Carlsson wa ku Sweden, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2000, anapeza umboni wakuti mankhwalawa amatsekereza kemikolo ya mu ubongo yotchedwa dopamine. Imodzi mwa ntchito za dopamine ili ngati ya belu: imalira pakachitika chinthu chofunika kuti ubongo utchere khutu. Matenda akakula, m'kati mwenimweni mwa ubongo mumatuluka dopamine wochuluka, ndipo belu limalira pa zinthu zopanda pake. Mnansi akatsokomola, wodwala amaona ngati ndi chizindikiro cha chiwembu. Galimoto ikaima pamsewu, amati yabwerera iye.

Dopamine amapereka uthenga wake pokhala pa timakomo tapadera tapamwamba pa selo. Mankhwala aja amakakhala pa timakomoti, dopamine n'kusowa pofikira, ndipo belu limachepetsa kulira. Makina ojambula m'kati mwa ubongo asonyeza kuti mankhwala ambiri a mtunduwu amathandiza akatseka timakomo pafupifupi 65 pa 100 tilitonse, koma akapitirira 80 thupi limayamba kuuma ndipo manja amanjenjemera, chifukwa dopamine yemweyo ndi amene amafewetsa kayendedwe ka thupi. Pakati pa mlingo wochepa ndi wopyola pali kampata kakang'ono. N'chifukwa chake adokotala amasintha mlingo pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake si bwino kugawana mapiritsi ndi wodwala wina ngakhale matenda akuoneka ofanana.

Zimene makina amaona munthu akayamba mankhwala

M'zaka za m'ma 1960, madokotala monga Max Fink ndi Turan Itil anaonetsa kuti gulu lililonse la mankhwala a maganizo limasiya chidindo chake pa mafunde a ubongo. Chidindo cha chlorpromazine n'chakuti mafunde oyenda pang'onopang'ono amachuluka, pamene othamanga amachepa. M'mawu ena, ubongo wa munthu amene ali maso umayamba kufanana pang'ono ndi wa munthu amene akuwodzera. Izi n'zimene mayi akuona akamanena kuti mwana wake akuchedwa kuyankha.

Chodabwitsa n'chakuti kuchedwaku sikuchokera kwenikweni pa kutsekereza dopamine kuja. Mankhwala ngati chlorpromazine amatsekanso timakomo ta makemikolo ena awiri, histamine ndi acetylcholine, amene ntchito yake ndi kusunga ubongo uli tcheru. Amene anamwapo Piriton chifukwa cha chimfine kapena kuyabwa akudziwa tulo take. Tulo timeneto timabwera chifukwa chotsekereza histamine yemweyu. Haloperidol sakhudza kwambiri makemikolo awiriwa, motero sagonetsa kwambiri ndipo sasintha mafunde kwambiri, koma amaumitsa thupi kuposa chlorpromazine. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mankhwala alionse ali ndi matope ake, ndipo ntchito ya adokotala ndi kusankha amene wodwalayo angathe kuyendamo.

Mu 2002 madokotala a pa chipatala cha McLean ku America anaunika EEG za odwala matenda a maganizo oposa 300 amene anagonekedwa kumeneko. Mwa omwa clozapine, pafupifupi theka anali ndi mafunde osintha. Mwa omwa olanzapine anali pafupifupi 4 pa 10 alionse, mwa omwa risperidone pafupifupi 3 pa 10 alionse, ndipo mwa omwa mankhwala akale aja anali osakwana 2 pa 10 alionse. Munthu atha kuganiza kuti ndiye kuti clozapine ndi woipa kuposa onse. Koma clozapine yemweyo ndi amene amathandiza odwala amene mankhwala ena alephera. Pa kafukufuku wotchuka wa mu 1988 wotsogoleredwa ndi Dr. John Kane, odwala otere 30 pa 100 alionse anapeza bwino ndi clozapine, pamene ndi chlorpromazine anali 4 okha.

Tikuphunzirapo kuti kuchedwa kwa mafunde si chizindikiro chakuti ubongo ukuwonongeka. Mlingo ukachepetsedwa kapena mankhwala akasinthidwa, mafunde amabwerera. Komanso kuchedwako si kumene kumachiritsa. Tulo timayamba tsiku loyamba lomwelo, pamene mawu ndi mantha zimatenga masabata 2 mpaka 6 kuti zichepe bwino. Banja limayamba kuona matope mvula isanameretse kanthu, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Kwa odwala ambiri tuloti timachepa pakapita masabata oyamba, ubongo ukazolowera. Ngati sitikuchepa, adokotala atha kutsitsa mlingo, kunena kuti mlingo waukulu uzimwedwa madzulo, kapena kusintha mankhwala. Chofunika ndi kuwauza.

Zimene mankhwala sakonza

Nanga kufooka kwa mafunde a gamma, kudzidzimuka kochepa kuja, ndi timafunde ta m'tulo? Kafukufuku wambiri wasonyeza kuti izi kawirikawiri sizibwerera mwakale ngakhale mawu atasiya. Zina mwa izo zapezeka mwa odwala amene sanayambe amwapo mankhwala, ndiponso pang'ono mwa achibale awo ena amene sakudwala. Izi zikutiuza kuti zimachokera ku matenda enieniwo, osati ku mapiritsi.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pakhomo. Mankhwala amazimitsa bwino zizindikiro za gulu loyamba, koma pa kuiwala, kusowa chidwi ndi kudzipatula amathandiza pang'ono chabe. Choncho mtsikana amene wasiya kumva mawu koma akuiwala kuti anatumidwa mchere si waulesi, ndipo mwina si mapiritsi amene akumuiwalitsa. Mukamuchotsera mankhwala, kuiwalako kudzatsala, mawu aja n'kubwereranso pamwamba pake.

Mbali imene mapiritsi safikayi ndi ya banja. Lankhulani naye chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mudikireni ayankhe musanabwereze funso. Zimitsani wailesi mukamakambirana nkhani yofunika, chifukwa ubongo wake umavutika kusefa phokoso. Mpatseni ntchito imene angaimalize, monga kuthirira bedi limodzi la ndiwo zamasamba kapena kudyetsa nkhuku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Pewani kumukalipira ndi kumunyoza. Madokotala anaona kalekale kuti odwala amene akukhala m'nyumba za mikangano ndi kudzudzula kosatha amadwalanso msanga kusiyana ndi amene akukhala mwa mtendere.

Ngozi ya kukomoka

Pali kusintha kumodzi kwa mafunde kumene sikufunika kukuchepetsa. Khunyu limachitika maselo ambirimbiri akatulutsa magetsi nthawi imodzi mosalamulirika, ngati mtsinje umene wasefukira. Ubongo uliwonse uli ndi gombe lake loletsa kusefukira kumeneku, ndipo mankhwala ena a schizophrenia amalitsitsa pang'ono gombelo. Pa EEG izi nthawi zina zimaoneka ngati timinga tosongoka pakati pa mafunde. Clozapine ndiye amatsogola. Pa mlingo wosakwana 300 mg patsiku, munthu pafupifupi mmodzi pa 100 amakomoka, koma pa 600 mg kapena kuposa amakhala oposa 4 pa 100. Chlorpromazine naye amatero akamwedwa wambiri kapena akakwezedwa mofulumira. Haloperidol, fluphenazine ndi risperidone ngozi yake ndi yocheperapo.

Manambalawa akusonyeza kuti odwala ambiri sakomoka. Komabe uzani adokotala ngati wodwala anayamba wakomokapo, anavulalapo m'mutu, kapena anadwalapo malungo a mu ubongo ali mwana. Mowa ndi kusagona zimatsitsanso gombe lija. Wodwala asamachezere usiku wonse, kaya ndi pamaliro kaya ndi pa mapemphero. Apite akapepese kapena akapemphere nawo, koma nthawi yogona ikakwana akagone. Akaiwala kumwa mankhwala, asamwe milingo iwiri nthawi imodzi kuti abweze wa dzulo.

Munthu akagwa n'kuyamba kuphupha, mchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chinthu chofewa kumutu, ndipo kuphuphako kukatha mgonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo musamumwetse kanthu. Khunyu silipatsirana, choncho musaope kumugwira. Ngati aka n'koyamba, kapena kuphupha kwapitirira mphindi 5, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Fodya, khofi ndi makala

Mpingo wathu wakhala ukuthandiza anthu kusiya fodya kwa zaka zoposa 60, ndipo odwala schizophrenia ambiri amasuta. Kusiya n'kwabwino kwa iwonso, koma pali chinthu chimene aliyense wothandiza anthu kusiya fodya ayenera kudziwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya clozapine ndi olanzapine mofulumira, motero wosuta amafunika mlingo wokulirapo. Akangosiya, m'masiku ochepa chiwindi chimabwerera pa liwiro lake, ndipo mankhwala amachuluka m'magazi ngakhale akumwa mapiritsi omwe aja. Zotsatira zake zitha kukhala tulo tambiri, chizungulire, kapena kukomoka kumene. Choncho adokotala adziwe tsiku losiya lisanafike, kuti akonze mlingo. Khofi amachita zosiyana: amachulukitsa clozapine m'magazi, kotero womwa khofi wambiri akasiya mwadzidzidzi mankhwala amachepa.

M'nyumba zathu zambiri timasunga makala operapera othandiza m'mimba. Makala amagwira ntchito poyamwa zinthu zimene zili m'matumbo, ndipo sasankha. Akamwedwa nthawi yoyandikana ndi mapiritsi, amayamwa mankhwalawo asanalowe m'magazi. Munthu amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku asamwe makala asanafunse achipatala. Mankhwala enanso amalimbana ndi ma antipsychotic. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya haloperidol ndi risperidone, pamene ciprofloxacin amachulukitsa clozapine. Kulikonse kumene wodwala akupita kukalandira chithandizo, atenge buku lake la kuchipatala ndipo atchule mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba.

Bwanji osasiya akapeza bwino?

Mu 2012 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku amene anaphatikiza zoyesa 65 za odwala oposa 6,000. Mwa amene anapitiriza mankhwala, 27 pa 100 alionse anadwalanso chaka chisanathe. Mwa amene anasiyitsidwa, anali 64 pa 100 alionse. Chimene chimanyenga mabanja n'chakuti matenda sabwerera tsiku lomwelo. Mlungu woyamba wodwala amaoneka wochangamuka chifukwa tulo tija tachoka, ndipo aliyense amati wachira. Belu lija limadzayambanso kulira patapita masabata kapena miyezi. Komanso ubongo umene wazolowera mankhwala sufuna kuwachotsedwa mwadzidzidzi. Munthu amasowa tulo, amachita nseru ndipo sakhazikika. Ngati nthawi yochepetsa yafika, adokotala ndi amene amatsitsa pang'onopang'ono kwinaku akuyang'anira.

Pano tili ndi pempho kwa akulu a mpingo, madikoni ndi onse oyendera odwala. Pemphero limalimbitsa wodwala ndi banja lake, ndipo tisaleke. Koma ubongo ndi chiwalo cha thupi monga mtima ndi impso. Sitiuza wodwala shuga kuti ataye jakisoni wake posonyeza chikhulupiriro, ndiye tisanenenso zimenezi kwa wodwala schizophrenia. M'bale amene akuwodzera pa nthawi ya ulaliki mwina wangomwa mankhwala m'mawa. Msungireni malo ake, ndipo musamuseke.

Zofunika kuthamanga nazo kuchipatala

Kupatula kukomoka, pali zizindikiro zina zosafunika kudikira. Ngati thupi latentha kwambiri, minofu yauma gwa, thukuta likutuluka ndipo munthu wasokonezeka, musangoti ndi malungo. Atha kukhala matenda oopsa amene amabwera mwa apo ndi apo chifukwa cha mankhwalawa. Pitani kuchipatala ndipo mukanene mankhwala amene akumwa. Ngati khosi lapindika, lilime latuluka kapena maso atembenukira m'mwamba, makamaka masiku oyamba, si ziwanda ayi. Ndi minofu imene yakokana, ndipo kuchipatala kuli mankhwala amene amaimasula msanga. Womwa clozapine akatentha thupi kapena kumva zilonda zapakhosi ayenera kuyezedwa magazi tsiku lomwelo, chifukwa mankhwalawa nthawi zina amachepetsa maselo oyera a m'magazi amene amatiteteza ku matenda. Ndipo wodwala akayamba kulankhula zodzipha, musamusiye yekha ndipo funani thandizo mwamsanga.

Poyambira ndi chipatala chimene chili pafupi nanu kapena chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Odwala ofunika chisamaliro chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu.

Ambiri mwa abale athu odwala sadzajambulidwa EEG, koma pakhomo pali anthu amene amawaona usana ndi usiku. Gulani kope laling'ono. Tsiku lililonse lembani nthawi imene wodwala wamwa mankhwala, nthawi imene wagona ndi kudzuka, ngati wadya, ngati manja akunjenjemera, ndi ngati mawu aja akumvekabe. Mfunseni mwini wakeyo mmene akumvera, ndipo ngati angathe azilemba yekha. Adokotala amaonana naye mphindi zochepa pamwezi, ndipo kope limeneli lidzawathandiza kupeza mlingo umene ukuletsa mawu aja koma osamulanda munthuyo mphamvu zolimira, zophunzirira ndi zochezera ndi anzake.